Polumikizira mabimu a konkire: mafunso a omanga kwa Kaduya

Kodi bimu n'chiyani, nanga zitsulo zimagwira ntchito yanji m'katimo?

Bimu ndi mtanda wa konkire wogona chopingasa, umene umanyamula denga kapena khoma la pamwamba pake. Wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo amisiri amautcha ring'i bimu. Konkire imapirira ikapsinjidwa koma imang'aluka ikakokedwa, ndiye zitsulo ndi zimene zimalimbana ndi kukokako.

Bwanji akatswiri amadera nkhawa kwambiri polumikizira?

Kulemera konse kumadutsa pamenepo popita ku pilala kapena ku khoma. Madzi osefukira, monga a napolo wa mu 1991 kuno ku Phalombe kapena a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amakankha khoma cham'mbali. Ngati pa kona sipanamangidwe bwino, makoma awiri amayamba kulekana pomwepo.

Chitsulo chikaperewera, ndingangogunditsa china kumapeto kwake?

Ayi, ziwirizo zigonerane pa mtunda wokwana kunenepa kwa chitsulocho kuchulukitsa ka 50, kutanthauza pafupifupi masentimita 60 pa chitsulo cha Y12. Waya womangira amangoletsa zitsulo kusuntha pothira konkire. Mphamvu yeniyeni imachoka pa chitsulo china kupita pa chinzake kudzera mu konkire yozikuta. Musalumikize zitsulo zonse pamalo amodzi.

Nanga ndilumikize pati?

Pakati pa bimu, zitsulo za pansi ndizo zimakokedwa kwambiri, choncho zisalumikizidwe pamenepo. Pamwamba pa pilala zinthu zimatembenuka: zokokedwa ndi za pamwamba.

Pa kona pamatani?

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, kawirikawiri pofuna kusunga zitsulo. Zitsulo zisathere pa kona. Zipindidwe ngati chilembo cha L n'kulowa mu bimu inayo. Maring'i, amene ndi tizitsulo tozungulira zitsulo zazikulu, ayandikane kwambiri pafupi ndi polumikizira, ndipo konkire yokuta zitsulo isachepere mamilimita 25 kuopa dzimbiri.

Kodi ndingathire theka lero, theka mawa?

Ndi bwino kuthira polumikizira pa ulendo umodzi, n'kujinyajinya ndi kachitsulo kuti pasatsale mibowo. Kenako muzithirira madzi masiku osachepera 7. Mphamvu yoyezera konkire imawerengedwa pa masiku 28.

Ndani ayenera kusankha kukula kwa zitsulo?

Pa nyumba yosanjikiza, kalasi, tchalitchi kapena mlatho, ndi injiniya wovomerezeka, ndipo ziyenera kulembedwa pa pulani. Poyambira kufunsa ndi ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo ya boma la Phalombe, musanagule zitsulo.