Chikoti Chili M'manja mwa Mnansi Wako

Kumayambiriro kwa Okutobala 2017, tauni ya Mandimba ku Mozambique inadzuka ili lawilawi. Achifwamba anali atapha munthu wosintha ndalama, ntchito yodziwika bwino m'tauni ya m'malire ngati imeneyi, kumene kwacha ndi metikali zimasinthana manja tsiku lonse chifukwa cha chipata cha Chiponde. Khamu linalunjika kupolisi likukuwa kuti apolisi amadyera limodzi ndi mbava. Apolisi anawombera, anthu anayi n'kufa. Pa 5 mwezi womwewo zigawenga zinaukira apolisi ku Mocímboa da Praia, maso a dziko lonse n'kutembenukira ku Cabo Delgado, chigawo chimene kuli tauniyo. Za Mandimba zinatsalira anamfedwa.

Mkwiyo wotere sumera tsiku limodzi. Tsikani pamsewu wa N13 wochokera ku Cuamba kupita ku Lichinga, mulowere kunyanja ya Amaramba, kumene mtsinje wa Lugenda umayambira. Mvula ikagwa, njira zake ndi matope okhaokha. Apolisi ndi owerengeka, ndipo amakhala kumaboma ndi m'malo a malonda. Msodzi akaberedwa ukonde usiku, pofika m'mawa wakubayo angakhale atadutsa kale m'mabango a nyanja ya Chiuta, ali ku Machinga, dziko lina. Wodandaula apalase njinga theka la tsiku kuti akamve zoti galimoto ilibe mafuta? Ambiri amangoti zagwa zatha. Ena salola.

Boma linauona mpata umenewu. Polisi ya dzikolo, PRM, yomwe inakhazikitsidwa mu 1992 nkhondo yapachiweniweni itangotha, inayamba kuyesa chitetezo cha m'madera ku Chamanculo mumzinda wa Maputo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kenako makomiti a chitetezo chotere anafalikira m'zigawo zonse. Mfundo yake inali yomveka. Anthu osankhidwa ndi anzawo akhale maso ndi makutu a polisi, aziyendera mudzi usiku, akagwira munthu azikamupereka. Mfuti alibe, malipiro alibe.

Apo pa malipiropo ndi pamene pagona nkhani. Bambo amene wachezera usiku wonse ndi tochi, udzudzu ukumudya m'mbali mwa nyanja, mawa lake sapita kumunda kapena kukavuula. Ana ake adya chiyani?

Tiyerekeze ndi doko lililonse la pa Amaramba, lomwe akazi amayanikapo matemba ndi kuwamba milamba. Maukonde awiri asowa. Madzulo achitetezo abwera ndi mnyamata wa mudzi woyandikana, manja atamangidwa kumbuyo ndi mphira ya njinga, malaya ong'ambika paphewa. Akuti amupeza ndi chingwe chofanana ndi cha ukonde wobedwawo. Amukhazika pansi pa mtengo wa mango kwa mfumu. Kupolisi n'kutali, kunja kwada.

“Amfumu, tingomufunsa pang'ono, aulula yekha,” atero wapampando wa komiti.

“Mufunse bwino, ana inu, musandibweretsere milandu pakhomo pano,” ayankha mfumu, n'kulowa m'nyumba.

Chikoti chilira. Inu muli pomwepo, chifukwa ukonde umodzi ndi wa alamu anu, ndipo mtima ukukuuzani kuti lero chilungamo chafika. Mnyamata avomera, monga mmene aliyense angavomerere pa chikoti cha khumi. M'mawa amalume ake abwera ndi mbuzi, mlandu n'kuthera pomwepo. Ukonde sunapezeke, koma komiti yadya nyama.

Chimene komiti yaphunzira usiku umenewo n'choopsa kuposa kuba kwa maukonde. Yaona kuti kugwira munthu kumadyetsa, pomwe kumuperekeza kupolisi kumangotha nsapato. Kuyambira pamenepo ogwidwa amakhala a m'mabanja okhala ndi mbuzi, kapena amene analimbirana dimba ndi wapampando, kapena mlendo wa ku Malawi wodzagula nsomba amene alibe womuyankhulira. Wakuba weniweni, poti ndi wochenjera, amapereka kangachepe nkhani isanabuke. Si makomiti onse otere, ndipo alipo amene apulumutsa anthu m'manja mwa khamu lolusa. Koma komiti imene wapolisi saiyendera, imene mudzi suifunsa kuti wogwidwa dzulo uja ali kuti, imalowera komweko.

Tsiku lina wokwapulidwa sadzuka. Malamulo a Mozambique anathetsa chilango cha imfa mu 1990, ndiye palibe khoti m'dzikomo limene lingagamule zimene zachitika pansi pa mango aja. Galimoto ija inalibe mafuta tsopano ifika, ndipo sidzasankha. Itenga wapampando, itenga amene anamanga mphira, itenganso inu amene munangowalitsa tochi.

Kumene ikukutengeraniko nakonso kuli mbiri yake. Mu Malichi 2009 ku Mogincual, m'chigawo choyandikana cha Nampula, mphekesera zoti ogwira ntchito za umoyo akufalitsa kolera zinautsa chipolowe, anthu n'kuphedwa. Apolisi anagwira anthu ambiri n'kuwapanikiza m'kachipinda kamodzi kosalowa mpweya wokwanira. Oposa khumi anafera momwemo asanaonekere pamaso pa woweruza.