Mafyuzi a M'thiransifoma Yokhala Pansi: Kagwiridwe Kake ka Ntchito ndi Kasinthidwe Kake

Thiransifoma yomwe ambiri tinazolowera ndi ya pamtengo, ija fyuzi yake ikapsa imamasuka n'kumalendewera, moti ngakhale wodutsa pamsewu amaona kuti pavuta ndi pano. Pali mtundu winanso wokhala pansi. Ndi bokosi lachitsulo, kawirikawiri lobiriwira, lokhazikidwa pakonkire ndi kukhomedwa ndi loko, ndipo makebulo ake amalowa ndi kutuluka kudzera pansi pa nthaka. Kunja kwake kulibe waya wosakutidwa. Mafyuzi ake ali m'kati, omira m'mafuta, ndipo akapsa palibe chooneka ndi maso. Magetsi amangothima basi.

Kapepala kano talembera amisiri a zamagetsi, ophunzira a m'masukulu a ntchito zamanja, ndi oyang'anira malo monga zipatala, mafakitale ndi masitolo akuluakulu. Kuwerenga kokha sikupatsa munthu chilolezo chotsegula bokosilo. Wotsegula ndi yekhayo amene anaphunzitsidwa ntchito ya magetsi amphamvu kwambiri ndipo waloledwa ndi mwini thiransifoma, kaya ndi ESCOM kaya ndi kampani yomwe ili ndi yakeyake.

Mtundu wokhala pansiwu ndi wofala kwambiri ku United States ndi ku Canada. Kumeneko kathiransifoma kamodzi kamatsitsa ma volt 7,200 kufika pa 240 ndi 120 n'kumadyetsa nyumba zingapo. Fyuzi yake yotchuka ndi ya Bay-O-Net ya Cooper Power Systems, kampani yomwe ili pansi pa Eaton kuyambira 2012, ndipo amisiri amangoitcha bayonet ngakhale itapangidwa ndi ena. Kuno ku Malawi magetsi amagawidwa pa 33 kV ndi 11 kV n'kutsitsidwa kufika pa 400 V ndi 230 V, choncho zitsanzo zathu tiwerengera pamenepo.

Mafyuzi awiri pamzere umodzi

Titenge thiransifoma ya 500 kVA ya mafezi atatu. Ikadzaza, kumbali ya 11 kV kumadutsa ma amp pafupifupi 26 okha, pomwe kumbali ya 400 V kumadutsa pafupifupi 720. Poiyatsa, magetsi olowa amatha kukwera mpaka kuchulukitsa ka 12 kwa kanthawi kosakwana sekondi, ndipo fyuzi iyenera kupirira zimenezo osapsa. Iyenera kupsa katundu akachuluka kwa maola ambiri, kapena kebulo ya kumbali ya 400 V ikachita shoti. Ndiye palinso shoti ya m'kati mwa thiransifoma momwemo, imene imakoka ma amp masauzande ambiri nthawi imodzi. Ntchito zonsezi zimachulukira fyuzi imodzi, n'chifukwa chake opanga amaika ziwiri zotsatizana, ina ya zovuta zing'onozing'ono, ina ya zoopsa.

Yoyamba ndi bayonet ija. Mukatsegula chitseko cha mbali ya 11 kV, chogwirira chake chimaonekera pakhoma la thanki, pamwamba pa malo olumikizira makebulo. Kuchokera apo ndodo yake imapendekeka kulowa m'mafuta, ndipo kumapeto kwake kuli kachubu komwe muli kawaya kopangidwa kuti kasungunuke. Kawayako kakaduka, magetsi sasiyira pomwepo. Amadumpha pampatapo ngati lawi. Kutentha kwa lawilo kumatulutsa mpweya kuchokera m'khoma la kachubu ndi m'mafuta, mpweyawo n'kuuzira lawilo mwamphamvu. Magetsi a 50 Hz amadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi, ndipo pa ziro pamenepo m'pamene lawi limazimira osayakanso. Zonsezi zimatheka pokhapokha kachubuko kali komira m'mafuta. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, tibwererako.

Tiwaya ta bayonet si tamtundu umodzi. Kena kamangomva kuchuluka kwa ma amp. Kena kamamva zonse ziwiri, ma amp ndi kutentha kwa mafuta, chifukwa kali ndi chitsulo chosachedwa kusungunuka. Thiransifoma yokhala ndi kawaya kachiwirika itha kunyamula katundu wina bwinobwino mu June, koma katundu yemweyo n'kupsetsa fyuzi masana a mu October dzuwa litawomba bokosi tsiku lonse. Pamenepo fyuziyo sinalakwe. Yateteza mapepala okutira makoyilo, omwe amakalamba msanga akamatenthedwa, ndipo akatha mapepalawo thiransifoma yatha.

Bayonet ili ndi malire. Pa magetsi a cha m'ma 15 kV imadula ma amp ofika pafupifupi 2,500, ndipo kupitirira apo lawi limaiposa mphamvu. Apa m'pamene imalowererapo yachiwiri, yochepetsa mphamvu ya shoti. Imeneyi ndi chubu chodzaza ndi mchenga woyera wosalala, ndipo m'kati mwake anakulungamo kalamba ka siliva kokhala ndi malo ambiri opyapyala. Shoti yayikulu ikabwera, malo opyapyalawo amasungunuka onse pamodzi, mchenga n'kumwa kutentha mpaka kuuma ngati galasi. Magetsi amaduka asanafike pachimake, m'kanthawi kosakwana 0.01 ya sekondi, ndipo fyuzi zotere zimatha kudula mpaka ma amp 50,000. Komabe pa ma amp ochepa siidula bwino, choncho imadalira bayonet kuti igwire gawo limenelo. Opanga amazisankha ziwirizi molingana, kuti pomwe yoyamba ikulekezera yachiwiri ikhale itayamba kale.

Fyuzi yachiwiriyi inamangidwa m'kati mwa thanki ndipo siisinthidwa pamalopo. Anachita dala. Ikapsa ndiye kuti vuto lili m'kati, thiransifoma iyenera kunyamulidwa kupita kokakonzedwa. Mathiransifoma ena alibe fyuzi imeneyi koma ali ndi kachitsulo kotchedwa isolation link. Iko sikadula shoti, kamangosungunuka pa shoti yayikulu kuti mmisiri akaika bayonet yatsopano, magetsi asalowenso m'thiransifoma yowonongeka. Kuti mudziwe chomwe chili mu yanu, werengani kachitsulo kolembedwa komwe wopanga anakhomera pathanki. Chithunzi cha kalumikizidwe ndi nambala za mafyuzi zimakhala pamenepo.

Musanagwire chilichonse

Kusintha kawaya n'kwa mphindi zochepa. Ntchito yeniyeni ndi kupeza chomwe chakapsetsa, ndipo mmisiri wodumpha gawo limeneli ndi amene timamuda nkhawa.

Yambani ndi kuzungulira bokosilo. Thanki yotupa, penti yotukusira, mwaye, fungo la chinthu chopsa, mafuta otayikira pakonkire kapena olavulidwa pavalavu ya mpweya, zonsezi zikunena kuti m'kati mwachitika zoopsa. Mukaona chimodzi mwa izi musasolole bayonet, ndipo musayese kuyatsa. Zimitsani kuchokera kutali n'kuitana oyeza. Funsaninso anthu a pamalopo. Kodi pabwera makina atsopano, chigayo kapena owotcherera zitsulo? Kodi wina amakumba ngalande pafupi ndi njira ya kebulo? Kodi kunagwa chiphaliwali? Mayankho awo amafupikitsa ntchito.

Kenaka onani mulingo wa mafuta. Kuno kwathu kuba mafuta a m'mathiransifoma si nkhani yachilendo, ndipo loko wothyoka kapena bawuti yomasuka pansi pa thanki ndi chenjezo lokwanira. Mafuta akatsika, kachubu ka bayonet kamakhala pamtunda, lawi silizima, ndipo mpweya wa m'thanki ukhoza kuphulika pamaso pa munthu wogwira ndodo.

Chinthu china chimene chapha amisiri odziwa ntchito ndi kuganiza kuti fyuzi ikapsa kapena ikachotsedwa, bokosi lonse lafa. Ayi. Bayonet imangolekanitsa makoyilo. Kebulo yolowa ikadali ndi 11 kV, ndipo ngati thiransifomayo ili pamzere wodutsa kupita ku inzake, makebulo onse awiri atha kukhala amoyo. Nakonso kumbali ya ogula kukhoza kubwera magetsi. Magetsi akathima anthu amaliza majenereta, ena ali ndi sola, ndipo ngati kalumikizidwe kake n'kolakwika, 400 V ija imabwerera m'thiransifoma n'kukwera kufika pa 11 kV. Thiransifoma siisankha mbali yolowera. Choncho tsegulani mbali ya 400 V, khomani loko wanu, pachikani chikwangwani, yezani ndi choyezera chomwe mwatsimikiza kuti chikugwira ntchito, kenaka ikani ethi. Njira yabwino koposa ndi kuzimitsanso mzere wa 11 kV kuchokera komwe ukuchokera, n'kusintha fyuzi pa thiransifoma yakufa mbali zonse.

Ya mafezi atatu ikakhala ndi swichi yakeyake yodulira katundu, yambani mwatsegula swichiyo. Kusolola mafyuzi imodziimodzi magetsi ali mkati kumasiya mamota akuyenda pa mafezi awiri, zomwe zimawapsetsa. Pomwe kebulo ili yayitali ndipo katundu ndi wochepa, kungayambitsenso vuto lotchedwa ferroresonance, pomwe thiransifoma imalira mokokoma ndipo ma volt amakwera modetsa nkhawa.

Zonse zikazimitsidwa, yezani makoyilo ndi choyezera cha Megger, yezani ngati njira ya fyuzi ya m'kati ikadali yolumikizika, ndipo yezaninso makebulo a 400 V. Kupsa kwa bayonet yokha kawirikawiri kumaloza vuto la kunja, koma si umboni wokwanira, poti shoti yaing'ono ya m'makoyilo nayo imatha kuipsetsa.

Kusolola ndi kusintha

Valani zodzitetezera zonse: magolovesi a labala oyezedwa, chotchinga kumaso, chipewa ndi zovala zosagwira moto. Pakhale mnzanu woyang'anira. Gwiritsani ntchito ndodo yosadutsa magetsi yokhala ndi kokowera kogwira zolimba, ndipo imani chammbali, osati moyang'anizana ndi chogwirira.

Choyamba ndi mpweya. Thiransifoma ikatentha, mafuta amafufuma n'kupanikiza mpweya wa pamwamba pake, ndipo kusolola bayonet osauphwetsa n'chimodzimodzi kutsegula chivundikiro cha rediyeta ya galimoto yomwe yangoima kumene. Kokani kamphete ka valavu ndi ndodo mpaka kufwenthera kutasiya, gwiranibe kwa masekondi 30, tsekani, dikirani masekondi ena 30, n'kukokanso. Bwerezani mpaka patapanda kumvekanso kanthu.

Mukatero kolani chogwirira, masulani loko wake n'kuchipotoza madigiri 90 kuti labala yotsekera imasuke. Kokani kamodzi mwachangu masentimita 15 mpaka 20, osazengereza panjira, chifukwa ngati mukudutsabe magetsi kukoka pang'onopang'ono kumatalikitsa lawi. Imani pamenepo kwa masekondi angapo kuti mafuta atsikire m'thanki, kenaka tulutsani yonse. Samalani kuti mafuta asadonthere pa labala zokutira mitu ya makebulo, poti amaziwononga pakapita nthawi. Pukutani ndi nsalu yoyera youma.

Ndi masipanala, masulani kachubu kundodo yake, chotsani chotsekera cha kumapeto, wongolani timano ta kawaya kakale n'kukakankhira kunja. Unikani m'kachubumo. Kakakhala kong'aluka, kodzaza mwaye kapena zitsulo zake zitadyeka, sinthani konse. Lowetsani kawaya katsopano, tambasulani timano take, n'kumanga zonse molimba monga momwe buku la wopanga likunenera. Pomangidwa mopepuka pamatentha, fyuzi n'kudzapsanso popanda vuto lina lililonse.

Kawaya katsopano kakhale ka nambala yomweyo ndi mtundu womwewo. Tikudziwa kuti sitolo ikakhala kutali ndipo anthu akukuwa kuti magetsi ayake, mtima umafuna kuika kokulirapo komwe kali m'galimoto. Musatero. Kawaya kakakula, kugwirizana kwa mafyuzi awiri kuja kwatha, ndipo chomwe chidzayambe kupsa ndi fyuzi ya m'kati kapena makoyilo amene. Za kumangirira waya wa kopa m'malo mwa fyuzi, monga ena amachitira m'nyumba, pa 11 kV zimapha. Pa thiransifoma ya mafezi atatu sinthani tiwaya tonse titatu ngakhale kapsa kamodzi, poti tinzake nato tinatenthedwa n'kufooka.

Pobwezera, phwetsaninso mpweya, onaninso mafuta, lowetsani ndodo ya fyuzi, ikankheni mwamphamvu kamodzi mpaka itakhala, n'kukhoma loko wake. Chotsani ethi, tsekani zitseko, ndipo ngati n'kotheka yatsani kuchokera kutali mbali ya 400 V ikadali yotsegula. Ikapsanso pamenepo katundu palibe, vuto lili m'kati, musaikenso ina. Ikayaka bwino, yezani ma volt a fezi iliyonse, lowetsani katundu pang'onopang'ono, n'kuyeza ma amp. Nthawi zambiri apa m'pamene chifukwa chimaonekera: fezi imodzi yasenza katundu wochuluka pomwe zinzake zili zopepuka. Lembani m'buku tsiku, fezi yomwe inapsa, nambala ya fyuzi ndi ma amp omwe mwapeza.

Bokosi likakhala mini-sub

Kum'mwera kwa Africa kuno, makamaka ku South Africa, mabokosi ambiri apansi ndi a mtundu wa mini-sub, ndipo mulibe bayonet. Mbali ya 11 kV imatetezedwa ndi swichi yokhala ndi mafyuzi a mchenga aja, kapena ndi circuit breaker. Fyuzi yotere ili ndi kamsomali kumapeto kumodzi komwe kamatumphuka ikapsa n'kugunda chitsulo chotsegula mafezi onse atatu nthawi imodzi. Mukaiika chozondoka, kamsomali kadzagunda pachabe. Chipinda cha mafyuzi chimatseguka pokhapokha swichi itazimitsidwa ndipo ethi italowa, choncho chikakana kutseguka musachikakamize ndi chitsulo, bwererani mukaone chomwe mwadumpha. Muyezo wa IEC 60282-1 umalangiza kusintha mafyuzi onse atatu imodzi ikapsa.

Kwa oyang'anira malo

Inu simutsegula bokosi, koma ntchito ya mmisiri imadalira inu. Kutsogolo kwa zitseko kukhale malo opanda kanthu okwana mamita atatu, poti ndodo yosadutsa magetsi ija ndi yayitali ndipo munthu amafunika pothawira. Pasabzalidwe maluwa otchinga, pasamangidwe benchi yogulitsirapo malonda, pasatenthedwe zinyalala, ndipo ana asamakwerepo. Musanawonjezere makina akuluakulu, funsani ngati thiransifoma ingawasenze. Jenereta ilumikizidwe ndi mmisiri wovomerezeka ndi MERA, kudzera pa swichi yosinthira yomwe siilola magetsi kubwerera kumzere.

Mukaona loko wothyoka, mafuta akudontha, kapena mukamva kulira kosazolowereka, talikitsani anthu n'kuimbira mwini thiransifoma. Poimba nenani nambala yolembedwa pabokosi, nthawi yomwe magetsi anathima, ngati athima nyumba zonse kapena zina zokha, komanso ngati pali jenereta kapena sola yomwe ikuyaka pamalopo.