Matsire a mowa ndi matsire ena

WOULUTSA: Kalata yotsatira yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Akuti: "Amuna anga mowa sayerekeza n'komwe. Koma atagula foni yodula ndi ndalama za fizi ya ana, n'kuyamba kusowa tulo, apongozi anga anati, 'Asiyeni, akumva matsire.' Kodi kumeneku sikunyoza?" Aphunzitsi, mwaimva nkhaniyo.

APHUNZITSI: Ndaimva. Mayi, apongozi anuwo musawakwiyire, Chichewa chawo n'chakupsa.

Matsire enieni ndi a mowa. Munthu wachezera kachasu kapena chibuku, kukacha mutu ukuwaza, kukhosi kuli gwaa, maso ali psuu, fungo la ndiwo lokha likumuchititsa nseru. Mowa umakodzetsa kwambiri, ndiye thupi limatha madzi. Chiwindi nacho pophwanya mowa chimayamba chausandutsa acetaldehyde, amene ndi poizoni, kenako n'kumamuchotsa pang'onopang'ono.

Tsono mawuwa timawanenanso kwa munthu amene akunong'oneza bondo, koma osati aliyense. Ayenera kuti anayamba wasangalala kaye, mwa kufuna kwake, mwinanso ena akumuletsa. Amene akuba amuthyolera nyumba sakumva matsire, limenelo ndi tsoka. Koma amene anadya malipiro onse pa Khrisimasi, Januwale n'kumazemba eni nyumba, ameneyo ndiye mwini mawuwa. Akuluakulu amati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Foni ija bambowo anaikonda pa tsiku logula, eti? Ndiye apongozi sanaphonye. Komanso taonani, iwo anati "asiyeni". Akudziwa kuti matsire amatha.

WOULUTSA: Mnyamata wina wa ku Mchesi watumiza uthenga, akuti botolo limodzi la m'mawa limachotsa matsire.

APHUNZITSI: Aa, achimwene, kumeneko n'kutenga katapila kuti mubweze katapila. Mutu umaleka kwa kanthawi chifukwa mwaledzeranso, masana matsire abwera ndi anzake. Ndipo mukafika poti simungayambe tsiku popanda botololo, pitani kuchipatala mukalankhule ndi adokotala, pamenepo nkhani yakula.

Imwani madzi ambiri, phala kapena thobwa, mugone. Msuzi wa mang'ina umathandiza chifukwa cha madzi ndi mchere, koma chiwindi sungachifulumizitse. Panado musamwe mobwerezabwereza mowa uli m'thupi, zonse ziwiri zimalemetsa chiwindi chomwecho.