Phunziro la Mwezi Uno: Munthu Akafuna Kugula Pisitolo Yake Yoyamba

Anthu ambiri a kumudzi amaidziwa mfuti ya gogodela, imene mlenje amathiramo onga ndi kutsindira asanaombe. Koma pali mfuti ina yaing'ono yogwira ndi dzanja limodzi, yotchedwa pisitolo, imene ambiri amangoiona m'chiuno mwa apolisi kapena pa kanema. M'dziko la America anthu wamba ambirimbiri amagula mfuti yotere, ndipo wogula koyamba kawirikawiri amafuna yotsika mtengo. Phunziro lino lifotokoza m'mene mfutiyi imagwirira ntchito, m'mene amaigulira, ndi m'mene amaisamalira, kuti awerengi adziwe kuopsa kwake ndi udindo umene mwini wake amasenza.

M'mene imagwirira ntchito

Pisitolo ya mtundu uwu imasunga zipolopolo m'kabokosi kotchedwa magazini, kamene kamalowa m'chigwiriro. Pamwamba pake pali chitsulo chotsetsereka chimene Angerezi amachitcha slide. Munthu akakoka kachitsulo koombera, onga umapsa ndipo chipolopolo chimatuluka mu mpope. Mphamvu yomweyo imakankhira chitsulo cha pamwamba chija m'mbuyo, ndipo icho chimataya kunja chigoba chamkuwa. Kenaka sipuling'i imachibwezera kutsogolo, ndipo pobwerera chimatola chipolopolo china ndi kuchilowetsa mu mpope. Motero mfuti imadzidzaza yokha, koma imaomba kamodzi kokha pa kukoka kulikonse kwa chala.

Nzeru imeneyi si yatsopano ayi. John Browning wa ku America anapanga pisitolo imene asilikali a dzikolo anailandira m'chaka cha 1911. M'zaka zoyambirira za m'ma 1980 Gaston Glock wa ku Austria anapanga ina ya thupi la pulasitiki wolimba, ndipo lero mfuti zambiri zotsika mtengo zimatsata njira imeneyo.

Pano pali chinthu chimodzi chimene aliyense ayenera kuchisunga pamtima: kuchotsa magazini si kukhuthula mfuti. Chipolopolo chimodzi chikhoza kutsala mu mpope, ndipo mfuti zambiri zimaomba ndithu ngakhale magazini atachotsedwa. Anthu ambiri anafa chifukwa cha chipolopolo chotsalira chimenechi.

Lamulo liyamba, ndalama pambuyo

Ku America lamulo la m'chaka cha 1968 linaika zaka 21 kwa munthu wogula pisitolo m'sitolo yokhala ndi chilolezo. Wogula amalemba fomu yotchedwa 4473, ndipo kuyambira mu 1998 wogulitsa amayamba wafunsa ku boma ngati munthuyo ali ndi milandu yomuletsa kukhala ndi mfuti. Zigawo zina za dzikolo zimaonjezerapo malamulo awoawo.

Ku South Africa, kumene abale ambiri amapita kukagwira ntchito, lamulo la m'chaka cha 2000 ndi lolimba koposa. Munthu ayenera kukhala nzika kapena wololedwa kukhala m'dzikomo mpaka kalekale, ayenera kuphunzira ndi kulandira chiphaso chosonyeza kuti akudziwa kugwira mfuti, ndiponso ayenera kukhala ndi bokosi lachitsulo losungiramo. Chilolezo cha mfuti yodzitetezera chimatha pakapita zaka 5, ndipo chimafunika kukonzetsanso. Ku Malawi lamulo la mfuti ndi la m'chaka cha 1967, ndipo chilolezo chimadzera ku Polisi. Tsono munthu wogula mfuti kwa mnzake mobisa, kapena wobwera nayo mozemba kuchokera kunja, walakwira lamulo ndipo akhoza kumangidwa, ngakhale asanaombeko ndi kamodzi komwe.

Kusankha mfuti

Mfuti zotsika mtengo zodziwika ku America ndi monga Hi-Point C9 yopangidwa ku Ohio, Taurus G3c ya kampani ya ku Brazil, SD9 ya Smith & Wesson, ndi mfuti za Canik zochokera ku Turkey. Kutsika mtengo kuli ndi zifukwa zake. Chitsulo cha pamwamba cha Hi-Point amachiumba ndi zinki wosakaniza, ndipo kuti chipirire mphamvu ya onga chiyenera kukhala chachikulu. N'chifukwa chake mfutiyi ndi yolemera. Magazini ake amalowa zipolopolo 8. Taurus G3c, imene inatuluka mu 2020, ndi yopepukirapo ndipo imalowa 12.

Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogula asakopeke ndi maonekedwe okha. M'chaka cha 2015 kampani ya Taurus inavomera kukonza, kusintha kapena kubweza ndalama pa mfuti zake zakale pafupifupi 1 miliyoni, anthu atakadandaula ku khoti kuti zina zimaomba zokha zikagwa pansi. Phunziro lake ndi lakuti munthu ayambe wafufuza mbiri ya mfuti imene akuifuna, ndi kufunsa ngati opanga anaitanitsapo mtundu umenewo kuti akaukonze.

Wogula wanzeru amayesa zinthu zitatu. Choyamba, kodi chigwiriro chikukwana m'dzanja lake, kotero kuti chala chikufika pa kachitsulo koombera popanda kupotoza mkono? Chachiwiri, kodi ali ndi mphamvu yokoka chitsulo cha pamwamba ndi manja ake? Chachitatu, kodi magazini, sipuling'i ndi zina zosinthira zimapezeka mosavuta?

Ayeneranso kudziwa zipolopolo zake. Zofala koposa ndi za 9mm Luger, zimene Georg Luger anazipanga kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Koma palinso 9mm Makarov ndi .380, zimene zimaoneka zofanana nazo pamene sizili zofanana. Mtundu woyenera walembedwa pa mpope wa mfuti, ndipo ndi umenewo wokha uyenera kulowamo.

Walira mvula walira matope. Mtengo wa mfuti si ndalama zonse ayi. Pamafunikanso bokosi lokiya, chikwama cholimba chophimba kachitsulo koombera, zotsekera m'makutu, magalasi oteteza maso, zotsukira, zipolopolo zophunzirira ndi malipiro a mphunzitsi. Amene ndalama zake zikukwanira mfuti yokha, nthawi yake yogula sinakwane.

Malamulo anayi

Mphunzitsi wa za mfuti wa ku America, Jeff Cooper, anafalitsa malamulo anayi amene amaphunzitsidwa m'maiko ambiri. Loyamba, mfuti iliyonse iyesedwe kuti ili ndi chipolopolo. Lachiwiri, isalozedwe pa chinthu chimene munthu safuna kuchiwononga. Lachitatu, chala chikhale kunja kufikira munthu atalunjika ndi kutsimikiza kuti aomba. Lachinayi, woomba adziwe bwino chimene akuomba ndi chimene chili kuseri kwake, pakuti chipolopolo chimaboola chitseko, malata ndi mpanda wa udzu.

Kutsuka ndi kusamala

Onga ukapsa umasiya mwaye, ndipo thukuta ndi chinyezi zimabweretsa dzimbiri. Mfuti itsukidwe ikagwira ntchito, ndiponso iziyang'anidwa nthawi ndi nthawi ngakhale ikungokhala, makamaka m'dzinja.

Asanayambe, mwini wake atulutse zipolopolo zonse m'chipindamo. Achotse magazini poyamba, kenaka akoke chitsulo cha pamwamba ndi kuyang'ana mu mpope ndi maso, ndi kukhudzamo ndi chala. Dongosolo limeneli lisatembenuzidwe, chifukwa wokoka chitsulo magazini akadali m'kati amangolowetsa chipolopolo china. Mfuti zina, monga Glock, zimafuna kuti munthu akoke kachitsulo koombera asanaziphwasule, ndipo apa ndi pamene ngozi zambiri za potsuka zimachitikira.

Ataiphwasula monga m'mene buku lake likunenera, apititse kaburashi mu mpope kuchokera kumbuyo, ndi kupukuta ndi tinsalu kufikira titatuluka toyera. Mafuta akhale a mfuti, ndipo madontho owerengeka okha pa malo okhulana akwanira. Mafuta ochuluka amasonkhanitsa fumbi, ndipo mafuta ophikira amauma ndi kumata. Akamaliza asambe m'manja ndi sopo asanadye, popeza zipolopolo zili ndi mtovu umene umadwalitsa, makamaka ana.

Poomba, mfuti ikalira mofooka kusiyana ndi masiku onse, woomba aleke pomwepo. Mwina chipolopolo chakakamira mu mpope, ndipo kuomba china pamwamba pake kukhoza kuphulitsa mfuti m'manja.

Kuonjezera zina

Ambiri akagula mfuti amafulumira kuisintha. Zosintha zothandiza ndi zochepa: zolozera zooneka bwino, chomata pa chigwiriro kuti chisaterere, ndi magazini ena ochokera kwa opanga mfutiyo. Kufewetsa kachitsulo koombera ndi koopsa kwa wophunzira, chifukwa mfuti ikhoza kuomba mwini wake asanafune. Ntchito yotere ndi ya mmisiri wa mfuti yekha. Kusintha pisitolo kuti iziomba mosalekeza ndi mlandu waukulu. Ndiponso ndalama zokometsera mfuti yotsika mtengo zikhoza kupitirira mtengo wa mfuti yabwinopo. Aphunzitsi a za mfuti amalangiza kuti ndalamazo zipite ku maphunziro ndi ku zipolopolo zophunzirira, pakuti cholakwa chimakhala m'dzanja kawirikawiri koposa m'chitsulo.

Kusunga pakhomo

M'chaka cha 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka la iwo anadziombera okha. Ichi chisonyeza kuti mfuti yogulidwa chifukwa choopa mbala imatha kupweteka a m'nyumba momwemo. Choncho isungidwe yopanda chipolopolo m'bokosi lokiya, zipolopolo pa malo ena, ndipo kiyi akhale ndi mwini yekha. Pansi pa pilo ndi pamwamba pa kabati si malo obisika kwa mwana. Pakhomo pakakhala ndewu, uchidakwa, kapena munthu wovutika maganizo, mfuti ichoke pakhomopo ndi kukasungidwa kumene lamulo likulola. Mfuti ndi mowa siziyendera limodzi.

Mawu kwa aphunzitsi

Aphunzitsi akupemphedwa kuphunzitsa ana a sukulu zinthu zitatu, ndi kuwabwerezetsa kufikira ataloweza. Mwana akapeza mfuti kapena chipolopolo m'nyumba, m'munda kapena m'tchire, asachikhudze, achokepo msanga, akauze munthu wamkulu. Wamkuluyo nayenso asachitole, koma akadziwitse a mfumu ndi apolisi.