Mafunso ndi Mayankho: Mwadziwa Bwanji?

Tiyambe ndi kalata ya ku Chintheche. Mnyamata wa Fomu 4 akufunsa ngati zimene timakamba pa pulogalamu ino zimaphunzitsidwa kusukulu. Eya, mphwanga. Ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba kuli dipatimenti ya filosofi, ndipo gawo lina la maphunzirowo limafufuza kuti kudziwa n'chiyani, kumachokera kuti, nanga kumalekezera pati. Plato wa ku Greece analimbana nawo mafunsowa zaka zoposa 2,300 zapitazo. Khozani kaye MSCE, malo mukawapeza.

Bambo wina, msodzi wa ku Kande, walemba kuti iye amavomera zokhazo zimene waona ndi maso ake. Bambo, maso ndi mboni yabwino koma amanamizika. Nkhungu ikamatuluka panyanja mumaiona inu nomwe. David Livingstone akuyenda panyanjayi mu 1861 anayamba waiyesa utsi, mpaka bwato lake litalowa m'kati mwake, n'kupeza kuti ndi tizilombo touluka. Anthu a m'mphepete mwa nyanja ankaona chomwecho, koma iwo ankachidziwa, poti ankachikola ndi kuchidya. Diso liziona, koma dzanja ndi nzeru zizitsimikiza.

Tsopano kalata iyi ya ku Mpamba, ndipo pano ndichedwapo. Mayi akuti mwana wawo wa zaka 4 akutentha thupi, ndipo wakomokapo kale kamodzi. Akuti sing'anga ananeneratu mu Disembala kuti pakhomopo wina adwala mvula isanathe, ndipo analoza apongozi awo, agogo ake a mwanayo. Amaliza ndi mawu akuti, "Mudzi wonse ukudziwa kuti ndi iwo."

Mayi, choyamba, mwana wokomoka sadikira mawa. Mubereke lero lomwe kupita naye kuchipatala cha Mpamba. Amubaya pachala, ndipo pa mphindi 15 kapena 20 zokha mumva ngati ali ndi malungo.

Nanga zoti mudzi wonse ukudziwa? Akatswiri akhala akunena kuti kudziwa kumafuna zinthu zitatu: ukhulupirire chinthucho, chinthucho chikhale choona, ndipo ukhale ndi chifukwa chomveka chochikhulupirira. Mu 1963 Edmund Gettier wa ku America anaonetsa m'kankhani ka masamba atatu okha kuti ngakhale zitatuzi zikwane, nthawi zina munthu amangolasa mwamwayi. Taganizani za sing'anga wanuyo. Kuno ku Nkhata Bay, nyengo ya dzinja, udzudzu uli ng'waa m'dambo la Limphasa, ndi khomo liti limene munthu sadwalapo pakati pa Disembala ndi Epulo? Mawu amenewo akanakwanira pakhomo lililonse kuyambira ku Mpamba mpaka ku Usisya. Kukwanira kwake sikukutiuza kanthu za agogo aja.

Ndimanena mlungu uliwonse ndipo sinditopa: anthu khumi otunga pachitsime chimodzi amabwera ndi madzi amodzimodzi. Ndinakhalapo pabwalo la milandu kwa nyakwawa ina yanzeru. Anthu anadzaza pansi pa mtengo wa mango, aliyense akulumbira kuti gogo wina amatamba. Nyakwawa sinakalipe. Inangofunsa mmodzimmodzi kuti, "Inu munamva kwa yani?" Uyu analoza uyo, uyo analoza wina, mpaka zala zonse zinakathera pa mnyamata mmodzi amene anayamba nkhaniyo pamowa, atakanganirana ndi gogoyo malire a munda wa chinangwa. Mboni inali imodzi basi, ndipo inali ndi mangawa.

Musandimve molakwa. Sindikuti tisamakhulupirire zouzidwa. Tsiku limene munabadwa munachita kuuzidwa. Siginala wodziwa ntchito, mtsogoleri wa asodzi panyanja, akati lero kuli mwera, musapalase, womunyozera amasiya ana amasiye. Koma mawu a siginala amayesedwa ndi nyanja m'mawa uliwonse. Akalakwitsa, aliyense amaona. Mawu a woloza mfiti amayesedwa ndi chiyani? Mwana akachira akuti mankhwala ake agwira, akapanda kuchira akuti mfitiyo ndi yokhwima. Palibe chimene chingachitike choti iye avomere kuti anaphonya, ndipo pamenepo ndi poyenera kuchenjera.

Mukukumbukira 2017, mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu anaphedwa, osalakwa, ndipo owaphawo ankati akudziwa. Kumbukiraninso kuti lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito: kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu wokafika nawo kukhoti.

Ndiye mayi, mwana apite kuchipatala. Akakupatsani mankhwala mumalizitse onse ngakhale thupi lizizire, ndipo azigona m'neti. Apongozi anuwo akabwera kudzazonda mdzukulu wawo, muwayalire mphasa. Mudzandilemberenso zimene achipatala apeze. Kalata ya ku Usisya yofunsa za maloto tiiwerenga mlungu wamawa.