Kuphunzira za utsogoleri uli pantchito: malangizo kwa anzanga a ku Salima

Mukafika pa Kamuzu Road Loweruka kusanache, pakati pa amayi a madengu a usipa opita ku Lilongwe simulephera kuona wina atavala bwinobwino, chikwama cha laputopu chili pamiyendo, akusinza. Ameneyo akuthamangira kalasi. Msewu wa M14 ndi wa makilomita pafupifupi 100, ndipo ngati wachokera ku Senga Bay wayenda kale ena pafupifupi 20. Ine ndinayendapo ulendo umenewu, ndiye ndikuuzeni mmene ndikanaukonzera ndikanati ndiyambirenso.

Musanalipire ngakhale ya fomu, fufuzani ku bungwe la National Council for Higher Education, lomwe ambiri amangoti NCHE. Ndilo limalembetsa masukulu a ukachenjede ndi kuvomereza maphunziro ake. Apa pali msampha: sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma digiri imene mukuifunayo isanavomerezedwe. Funsani dzina lenileni la pulogalamuyo, ndiponso ngati chivomerezocho chikukhudza kampasi imene muzikaphunzirako. Wa ku ofesi yolembera ophunzira akakuyankhani kuti "zili m'kati, zituluka posachedwa", bwezani ndalama m'thumba.

Mukatero sankhani kaphunziridwe. Ambiri timayamba ndi dzina la sukulu, pamene chofunika kuyamba nacho ndi kalendala ya ntchito yathu. Pali makalasi a Loweruka ndi Lamulungu, pali block release yomwe mumakakhala kusukulu sabata imodzi kapena ziwiri n'kubwerera kuntchito, palinso maphunziro a pa intaneti. Mphunzitsi wa ku Lifuwu kapena kalaliki wa ku khonsolo, kumapeto kwa sabata kumamukomera. Koma wogwira pahotela ya m'mbali mwa nyanja, Loweruka ndiye tsiku limene alendo a ku Lilongwe amadzaza mchenga wonse. Iyeyo aganizire block release kapena intaneti. Kwa ife a ku Salima, Malawi School of Government ili pabwino: kampasi yake ya ku Kanengo, imene kale inali Malawi Institute of Management isanaphatikizidwe ndi Staff Development Institute ya ku Mpemba, mumaipeza musanalowe m'kati mwa mzinda wa Lilongwe. MUBAS, yomwe inali Polytechnic mpaka 2021, nayonso ndi yodziwika pa maphunziro a bizinesi ndi kayendetsedwe ka ntchito. Ngati muli ndi dipuloma ndipo mwagwira ntchito zaka zingapo, funsani za mature entry. Thiransikiripiti ya kusukulu yanu yakale itanitsani msanga, imachedwa kutuluka.

Tsopano nkhani ya abwana, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ndinapsa. Abwana anga a nthawi imeneyo anandiuza pakamwa kuti, "Pitani mukaphunzire, achimwene, ife tiona chochita." Patatha miyezi isanu anawasamutsa. Amene anabwera anandifunsa kalata, ine ndilibe. Mayeso anagwera sabata imene kuntchito kunali msonkhano waukulu, ndipo semesita yonse inapita m'madzi pamodzi ndi fizi yake. Choncho lembani kalata, muikemo masiku a makalasi ndi a mayeso, mutchule amene azigwira ntchito yanu mukachoka, abwana asaine, kope limodzi likhale ku ofesi yoona za antchito, lina kunyumba. Dziwaninso kuti lamulo la Employment Act la 2000 limapereka tchuthi cha pachaka cha masiku 15 kwa wogwira masiku asanu pasabata, ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Masiku amenewa musawamwaze, asungireni mayeso. Kampani ikati ikulipirirani, werengani bwino pangano lake, chifukwa kawirikawiri limakumangani kuti mugwire zaka zakutizakuti mukamaliza.

Za ndalama ndingonena mwachidule. Fizi si yokhayo imene imadya malipiro. Pali thiransipoti yopita ndi yobwera, pogona Loweruka usiku, mabandulo, kusindikiza maasainimenti. Werengerani zonse pamodzi ndi akunyumba kwanu musanayambe, chifukwa ndiwo zikayamba kuchepa m'mbale ndi iwo adzayambe kuona. Funsani kusukulu ngati amalola kulipira pang'onopang'ono. Banki mkhonde ikhoza kukuwolotsani mwezi wovuta, katapila ayi.

Nthawi yowerengera muipeze m'mamawa. Aliyense wa kuno akudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala munthu ukaweruka mutu umakhala utaphikika, buku silingalowe. Dzukani 4 koloko, kukadali kamphepo ka kunyanja, muwerenge maola awiri. Netiweki ikakhala bwino koperani zonse za sabata imeneyo, laputopu ikhale yotchaja nthawi zonse, ndipo asainimenti muziitumiza kutatsala tsiku, chifukwa magetsi sadziwa kuti muli ndi dedilaini. Pezani anzanu awiri kapena atatu a kalasi imodzi okhala kuno. Mudzagawana galimoto, manotsi, ngakhale kudzutsana.

Chimene chimapindulitsa wophunzira wa pantchito ndi ichi: zimene achinyamata amaziwerenga m'buku, inu mumakumana nazo Lolemba. Mukaphunzira za kugawa ntchito, yesani sabata yomweyo pa anthu asanu amene mumawayang'anira. Mukaphunzira za kuthetsa mikangano, kumbukirani mkangano wa mashifiti wa mwezi watha. Mabuku ambiri adzakupatsani zitsanzo za makampani a ku America ndi ku Japan, zabwino ndithu, koma boma lathu lomwe lino lili ndi chitsanzo chimene akatswiri akunja amabwera kudzachifufuza. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse kuyambira Disembala mpaka Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Pachilumbapo mowa, njuga ndi chamba n'zoletsedwa, ndipo wophwanya lamulo amachotsedwapo. Dzifunseni: n'chifukwa chiyani asodzi ochuluka, ochokera kosiyanasiyana, amamvera malamulo amenewa, pamene ku ofesi kwanu anthu khumi amalephera kusunga nthawi yolowera? Ndani amapanga lamulo, ndani amalilondera, wolakwa amaweruzidwa pamaso pa yani? Mafunso amenewa ndi phunziro la utsogoleri lathunthu. Makomiti a m'madoko, sikimu ya mpunga ya ku Lifuwu, ngakhale magulu a akabaza pa boma, monsemo muli mitu ya kafukufuku yoti simungavutike nayo thiransipoti.

Chenjezo limodzi pamenepa: mukafuna kulemba za kuntchito kwanu, pemphani chilolezo cholembedwa musanatenge chiwerengero chilichonse cha kampani, ndipo mayina a anzanu musawatchule. Mukafuna za ku Mbenji kapena kudoko lililonse, yambani mwakaonekera kwa amfumu ndi akomiti, musangofika ndi mapepala a mafunso m'manja.

Ngati mukufuna kuyamba chaka chikubwerachi, sabata ino chitani ziwiri zokha: fufuzani pulogalamu yanu ku NCHE, ndipo lembani kalata ija ya kwa abwana.