Kuphunzira Chifalansa ku Sekondale

Chifalansa ndi phunziro lochita kusankha m'sukulu zina za sekondale m'Malawi muno, ndipo chimalembedwa pa mayeso a MSCE. Ophunzira amachiyamba atazolowera kale Chingerezi, ndipo chimene chimawapunthwitsa msanga ndi katchulidwe. Zilembo zambiri zakumapeto kwa mawu sizitchulidwa: dzina la mzinda wa Paris limamveka lopanda "s". N'chifukwa chake wongodalira buku amakhoza polemba koma amasowa chonena akafunsidwa pakamwa. Khutu liyenera kuzolowera tsiku ndi tsiku, kaya pomvera wailesi ya RFI, kaya pocheza ndi anthu ochokera ku Congo kapena ku Burundi.

Dzina lililonse m'Chifalansa ndi lachimuna kapena lachikazi, ngakhale la tebulo, ndipo mawu olifotokoza amasintha molitsatira. Wolankhula Chichewa asachite nazo mantha, poti magulu a mayina amachitanso chimodzimodzi. Chofunika n'kuloweza dzina pamodzi ndi "le" kapena "la" wake, mawu osonyeza ngati dzinalo ndi lachimuna kapena lachikazi. Zaulemu n'zodziwika kale: "tu" ndi "vous" amagwira ntchito ngati iwe ndi inu.

Chinenerochi chimagwiritsidwanso ntchito ku SADC, African Union ndi United Nations, komwe omasulira amafunika.